Gudumu la a Chulu ndi Masache Khumi

Mlamu wanga, a Amon Chulu, anali munthu wophunzira kuposa wina aliyense m'komboni yathu ya Kasanda, malinga ndi kafukufuku amene anachita iwo eni. Satifiketi analibe. Chimene anali nacho ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi za ntchito m'labu ya sukulu ina ya sekondale kuno ku Kabwe, kutsuka mabotolo, kupukuta matebulo ndi kusaka achule oti ana a sukulu awang'ambe. Munthu ukakhalitsa pafupi ndi maphunziro, ena amakumatirira ngati chisoso pa chitenje.

Ine ndine Doreen, mng'ono wa mkazi wawo Josephine. Chilamu chimandilola kuwanena, ndipo zonse ndilembe pano ndinawauzapo pamaso ali moyo, kupatula chimodzi chimene ndinachedwa nacho.

Pakhoma la labu ija panali chipepala chachikulu chimene anasiya mphunzitsi wina wa ku India. Chinajambulidwa chinthu chozungulira ngati gudumu la njinga, chodzaza ndi mivi ndi maina oti ukawatchula lilime limachita dzanzi. Ana sankachiyang'ana chifukwa sichinkabwera pa mayeso awo, aphunzitsi nawo ankangochilambalala. Alamu ndiwo ankachipukuta fumbi Lachisanu lililonse, ndipo popukutapo anayamba kuwerenga, kenako kufunsa, kenako kubwereka mabuku. Chaka chimene sukulu inapakidwa penti, chipepalacho chinatayidwa kudzala. Iwo anakachitola, nabwera nacho kunyumba panjinga, nachikhoma pabalaza pakati pa chithunzi cha Mtima Woyera wa Yesu ndi chithunzi cha ukwati wawo. Mkulu wanga anati m'nyumba mwalowa mkazi wachiwiri, ndipo sanalakwe.

Kuyambira pamenepo palibe mlendo anamwapo tiyi m'nyumba imeneyo osalandira phunziro. Ine ndinalandira langa loyamba ndili ndi buledi m'kamwa.

"Mulamu, buledi iyo ukameza, uganiza iyenda kuti?" anandifunsa.

"Ku toileti, ba mulamu."

"Ndiye vuto yanu iyo, imwe bantu. Muganiza chabe vamene vichoka."

Anatenga kamtengo kolozera kamene ankasunga kuseri kwa kabati, nayamba. Anati chakudya chikagayika chimasanduka shuga, shugayo amalowa m'maselo, tizipinda tosaoneka ndi maso timene tamanga thupi lonse, ndipo mmenemo amadulidwadulidwa mpaka kutsala tizidutswa ta makaboni awiriawiri. Tizidutswa timeneti ndi timene timakwera gudumu la pachipepala paja. Poona kuti maso anga ayamba kufunafuna chitseko, anasintha njira.

"Ganiza minibasi ya ku Bwacha. Ichoka pa station na bantu four. Yanyamula babili, bakhala six. Apo ndiye citric acid, ndiye zina ya gudumu yonse. Iyenda, aseluka umozi. Iyenda futi, aseluka winangu. Abo babili ndiye mpweya wamene utulusa ukapema. Ndipo mvela bwino, bamene baseluka sindiye bamene bakwela manje-manje. Yabwela pa station na bantu four, yanyamula babili benangu. Siima kuchokela siku unabadwa."

"Manje minibasi yozungulila chabe, phindu yake ni chani?"

Funso limenelo ndimalidandaula mpaka lero, chifukwa linanditengera ola lina lathunthu. Anati pamene minibasiyo ikuzungulira imatsitsa katundu m'masiteji, ndipo pali onyamula amene amathamanga naye kukatula kumene kukudikira okosijeni, mpweya umene timakoka tikapuma. Potula pamenepo ndi pamene pamapangika mphamvu yoti munthu ayende, aganize, ngakhale kutukwana mlamu wake. Okosijeni akasowa, onyamula aja amangoima ndi katundu pamutu, minibasi imasowa potsitsira, gudumu limaima.

"Ikaima, mulamu, tibwela kukuimbila nyimbo."

Phunziro limeneli analipereka ku maukwati, kometetsa tsitsi, pamzere wa kuchigayo, ngakhale pamaliro, pamene ankaona kuti anthu akhala pansi ndipo sangathawe. M'Kasanda anawapatsa dzina loti ba Professor, iwo n'kumavomera mwaulemu wonse, osamva kuti akusekedwa. Amuna ena akawaona akubwera panjinga ankakumbukira mwadzidzidzi kuti asiya madzi pamoto, amuna oti chibadwire sanawiritsepo madzi.

Tsono kuti nkhani imveke, ndinene za mkulu wanga. Josephine anali ndi bwalo losesedwa bwino kuposa onse m'dera lathu. Mayi athu anatiphunzitsa kuti mkazi amadziwika ndi bwalo lake, ndipo iye phunzirolo analimeza lonse. Dzuwa lisanakwere anali atasesa kale kuyambira pakhonde mpaka kumsewu, dothi lili mbee, popanda ngakhale kaudzu kamodzi, mizere ya tsache itagona bwinobwino moti mlendo ankachita manyazi kupondapo. Azimayi a kutchalitchi ankatuma ana awo aakazi kudzaona. Ulemu wake wonse unali pabwalo limenelo, pakuti za mwamuna wake anali atazisiya m'manja mwa Mulungu.

Dothi limene ankasesalo ndi dothi la Kasanda, ndipo tonse timadziwa chimene chilimo. Mgodi waukulu wa kuno ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mtovu, umene kuno timangouti ledi, sunatseke nawo. Uli m'fumbi, uli m'mabwalo, mphepo ikaomba kuchokera ku zimilu za mgodi umabwera wina woonjezera. Timadziwa zimenezi monga mmene munthu amadziwira kuti imfa ilipo, osasiya nazo kuphika. Komanso tinali ndi mankhwala athu. Bambo athu ankagwira ntchito mumgodimo, ndipo ankapatsidwa mkaka kuntchito, ndiye tinakula tikudziwa kuti mkaka umatsuka ledi m'thupi. Bambowo anamwalira manja akunjenjemera, koma ife mkaka sitinaukayikire.

Zinthu zinasintha pamene Tracy, mwana wawo wotsiriza, anapeza ntchito m'sitolo ku Solwezi, nasiya kwa makolo ake kamtsikana kake Happy, ka chaka chimodzi ndi theka. Kamwanako kanali konenepa, kosekaseka, ndipo malo ake okondeka anali pakati pa bwalo lotchuka lija. Kankakhala pansi, kukumba ndi zala, zalazo n'kupita nazo m'kamwa. Patapita miyezi isanu kanayamba kukana chakudya, kugona masana onse, kulira popanda chifukwa. Ukatambasula kadzanja kake, m'kati munali motuwa. Josephine anachita zimene mwana wa munthu wa mumgodi amachita: anaonjezera mkaka.

Alamu anapita kuseri kwa kabati kukatenga kamtengo kawo. Ine ndinalipo tsikulo, ndipo ndinapumira m'mwamba.

"Josephine, ona apa," anatero akuloza mbali ina ya gudumu. "Pa stage iyi thupi itengako passenger umozi kuti ipange chija chofiila cha mu magazi, chamene chinyamula okosijeni. Ledi ikangena, ivala njila iyo. Magazi yachepa, okosijeni yachepa, gudumu iyenda pang'ono-pang'ono. Mwana uyu alema chifukwa cha fumbi yamene muutsa na chipyango chanu. Kuyamba lelo, pano sipapyangiwa."

Kupyanga ndiko kusesa m'kalankhulidwe ka kuno, ndipo kuuza mkulu wanga kuti asiye kusesa kunali kumuuza kuti ayende wopanda chitenje.

"Batate ba Tracy, mwafunta? Nikhale mu nyumba yosapyanga monga nilibe manja? Bantu bazakamba chani?"

"Bazakamba. Kukamba nayo ni mpweya chabe."

M'mawa mwake Josephine anasesa monga mwa masiku onse. Alamu sanakangane naye. Anadikira kuti amalize, natenga tsache, naliponya padenga. Josephine anapita kumsika kukagula lina, lomwenso linatsatira linzake. Pofika mwezi wa Julaye padenga la malata la a Chulu panali masache asanu ndi anayi, ndipo mayi wogulitsa masache kumsika ankapereka moni kwa alamu mwaulemu wapadera. Iwo anali atayamba kudzala kapinga pabwalo, kaudzu kamodzikamodzi, n'kumathirira ndi madzi osambira ndi otsukira mbale. Anthu odutsa ankaima kumafunsa ngati pakhomopo pasamuka anthu, ena n'kumachenjeza za njoka. Ine ndinawafunsa ngati akufuna kuweta mbuzi kapena kutsegula bwalo la mpira. Anthu anaseka, ndipo ndinasangalala kwambiri ndi nzeru zanga.

Mu Ogasiti, mwezi wa mphepo, inafika nthawi yoti mapemphero a mphakati achitikire kunyumba kwawo. Josephine anabwera kwanga maso ali ofiira. Anati azimayi makumi awiri adzakhala pabwalo looneka ngati dimba losiyidwa, ndipo mawa lake Kasanda yense adzadziwa kuti mwana wa mayi athu wasanduka mlesi. Zinandipweteka, chifukwa manyazi a mkulu wako ndi ako omwe. Ndinamuuza kuti asadandaule.

Loweruka limenelo alamu anakwera njinga kupita ku Bwacha kwa mnzawo a Robson kukapempha kapinga wina. Atangokhota pakona, ine ndinatulukira ndi khasu ndi tsache langa. Ndine amene ndinalima udzuwo, ndisamunamizire mkulu wanga. Miyezi itatu ya kuthirira ndinaimaliza m'maola awiri. Kenako tinasesa awiriwiri, dothi louma lofukulidwa kumene, mphepo ikuomba, fumbi lili koboo mpaka kwa aneba. Happy anali atakhala pakatikati, akudzithira dothi kumutu, ndipo tinamuseka kuti wadzola ufa.

Alamu anabwera azimayi ali pakati pa nyimbo, thumba la kapinga litamangidwa kumbuyo kwa njinga. Anaima pageti, nayang'ana bwalo, lomwe kunena zoona linali lokongola. Ndinakonzeka kumva za minibasi pamaso pa mphakati wonse. Iwo anangotsamiritsa njinga kumpanda, nadutsa pakati pa azimayi, nanyamula Happy, napita naye pampopi kukamusambitsa m'manja ndi kumaso. Sananene kanthu tsiku lonselo. Zaka makumi atatu ndinkapempherera kuti munthu ameneyu akhale chete, ndipo pemphero litayankhidwa ndinasowa poyang'ana.

Mwezi wotsatira Happy anayamba kusanza ndi kukana kuimirira. Tinapita naye ku kiliniki tonse atatu. Nesi wachitsikana, dzina lake Eness, anamubaya kachala, naika kadontho ka magazi m'kamakina. Tinadikira nambala, koma kamakinako sikanapereke nambala. Nesi anati ledi wachuluka kupitirira pamene kamatha kuwerenga, ndipo mwana ayenera kupita kuchipatala chachikulu kukayamba mankhwala ochotsa ledi m'magazi. Kenako anatiyang'ana ife azimayi awiri.

"Ba mayo, ku nyumba mupyanga bwanji? Osapyanga pouma. Muzithila manzi first. Ngati mungakwanise, shangani kapinga pa yard ponse. Mwana muzimusambika ku manja akalibe kudya. Na mukaka ni chakudya chabe, siichosa ledi."

"Inde, sister," tinayankha pamodzi, tikugwedeza mitu ngati tamva uthenga wochokera kumwamba.

Mawu omwewo anali atakhala m'nyumba mwathu theka la chaka, koma analibe yunifolomu. Alamu sanatiyang'ane n'komwe. Anangofunsa nesi uja ngati amalidziwa gudumu la citric acid.

"Tinaipunzila ku college, ba tata, koma inachoka mu mutu pamene exam inasila."

Iwo anatulutsa cholembera, natembenuza kapepala kolembapo mankhwala, nayamba kujambula. Josephine, amene nthawi zonse ankawatsina zikafika pamenepa, anapinda manja n'kumvetsera mpaka minibasi inabwerera pasiteshoni. Nesi uja anatiuzanso kuti ledi amaunjikana m'thupi pang'onopang'ono, miyezi ndi miyezi, ndipo si tsiku limodzi limene linadwalitsa mwanayo. Mawu amenewo ndawabwereza kambirimbiri mumtima, koma khasu lija silinapepukebe.

Kwathu sitipepesa, si mtundu wathu. Happy atatuluka m'chipatala, alamu anadzalanso kapinga, ndipo m'mawa wina anapeza mkazi wawo akuthira madzi otsukira mbale pa udzuwo, nkhope itayang'ana kumbali. Umenewo ndiwo unali ukwati wawo wachiwiri. Ine ndinkabwera ndi mabanzi a mwana, n'kumawanyozabe alamu za njoka, chifukwa sindinkadziwa njira ina yolankhulira nawo. Mvula itagwa udzu unatseka bwalo lonse. Happy anayambanso kudya, kenako kuthamanga. Kulankhula kunachedwa, ndipo nambala ya m'magazi inkatsika mwaulesi, koma inkatsika. Nesi anati chachikulu n'chakuti fumbi lisabwererenso.

Mu Okutobala wa chaka chotsatira, alamu anagwa pafupi ndi mpopi, ndowa ili m'manja. Madokotala anati ndi sitiroko. Anakhala masiku awiri osalankhula, kenako gudumu lawo linaima, ndipo tinabwera kudzawaimbira nyimbo monga ananenera. Ndinakwiya nawo kwambiri. Munthu wolongolola chotero sayenera kuchoka osapatsa mlamu wake mpata wonena mawu amodzi okha.

Maliro anali aakulu, ndipo amuna onse aja othawa njinga anabwera, nanena m'mawu awo kuti Kasanda wataya laibulale. Kuchokera ku Katete kunabwera a Nevers, mkulu wawo wa malemu, munthu wodziwa mwambo. Pa mwambo wathu, tsiku lotsatira kuika maliro azimayi amasesa nyumba ndi bwalo lonse, kuchotsa phulusa ndi zinyalala, kuti maliro achoke pakhomo. A Nevers anayang'ana udzu uja, umene anthu anali atauponda masiku atatu, napukusa mutu.

"Tchire ili lilimidwe, pasesedwe bwino. Mng'ono wanga anali ndi zake, koma pakhomo pa munthu sipakhala chonchi."

Azimayi anabwera ndi makasu ndi masache. Inenso ndinali pamzere womwewo ndi tsache latsopano m'manja, chifukwa mutu wanga ndi wouma ndipo wamkulu akalankhula miyendo yanga imamvera yokha. Kunali kotentha, dothi pansi pa udzu litauma gwaa. Happy anali atakhala pa kapinga pafupi ndi mpopi, akusewera ndi chivindikiro cha ndowa ya agogo ake.

Mkazi wamasiye amakhala pamphasa m'nyumba, mutu pansi, osalankhula mokweza, osatuluka mpaka akuluakulu atamuuza. Khasu loyamba litangogunda pansi, Josephine anatulukira pakhomo, duku lili pambali, wopanda nsapato.

"Pano sipapyangiwa," anatero.

"Mlamu, bwererani m'nyumba," anatero a Nevers. "Uwu ndi mwambo, simungauletse."

"Mwambo wa chipyango nauziba kuchila imwe bonse. Unanigonekela mwana mu chipatala."

"Nanga maliro achoka bwanji pakhomo?"

"Mvelani, ba mulamu. Mu thupi muli minibasi. Ichoka na bantu four, inyamula babili..." Anaima. Anayesanso, nasokoneza okwera ndi otsika, onyamula katundu n'kuwaiwaliratu. A Nevers anayang'ana anzawo ngati ofunsa kuti matenda a malemu ndi opatsirana kodi. Josephine anasiya za minibasi, naloza Happy. "Bamene benze kuiziba bwino mwabashika mu manda mailo. Ine niziba chabe kuti fumbi ikauka pano, ingena muli uyu."

 Iye anayenda molunjika kwa ine, mng'ono wake, nandilanda tsache. Analiponya padenga, koma mkono wake sunazolowere, ndipo linagwera pansi. Ndinawerama, ndinalitola, ndinamupatsanso. Kachiwiri linakafika, n'kugona pambali pa asanu ndi anayi aja, amene dzuwa ndi mvula zinali zitawayeretsa.

Maliro a a Amon Chulu tinawachotsa pakhomo ndi madzi. Azimayi anasiya makasu, natenga ndowa ndi mabeseni, tinawaza bwalo lonse, zinyalala tikutola ndi manja, phulusa tikuliwola lonyowa. A Nevers anakhala pampando akung'ung'udza kuti ku Katete akakafotokoza sakawakhulupirira, koma ndowa itadutsa pafupi anakweza mapazi kuti udzu wapansi pawo unyowe nawo.

Happy tsopano ali ndi zaka zisanu, ndipo amalankhula moti nthawi zina timadziwa kumene anatengera. Masache aja akadali padenga, khumi. Chipepala chija chikadali pabalaza, pakati pa Mtima Woyera ndi chithunzi cha ukwati, ndipo Lachisanu lililonse mkulu wanga amakwera pampando n'kuchipukuta ndi kansalu konyowa.